Nkhawa Imene Si Matenda: Maziko ndi Kachitidwe ka Existential Psychotherapy

Pali kuvutika kwa mumtima kumene makina a kuchipatala sakupeza. Munthu amapimidwa magazi, amajambulidwa, amauzidwa kuti m'thupi muli bwino, koma usiku tulo sitibwera, ndipo funso limodzi limangomuzungulira m'mutu: kodi ndikuvutikiranji ndi moyo uno, pamene tsiku lina ndidzafa ndithu? Njira zambiri zothandizira anthu ovutika maganizo zimatenga funso lotereli ngati chizindikiro cha matenda, ndiye zimasakasaka matendawo kuti ziwachotse. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kunabadwa gulu la madokotala ndi alangizi ku Ulaya, limene pambuyo pake linafalikira ku America ndi ku Britain, lomwe limakana kuthamangira kumeneko. Njira yawo imatchedwa existential psychotherapy, ndipo phata lake ndi lakuti nkhawa zina zimabwera chifukwa choti munthu waona bwinobwino mmene moyo ulili, ngakhale mwa iye mulibe chimene chawonongeka. Ine ndimakhulupirira kuti mfundo imeneyi ndi yoona, komanso ndimaona kuti ikagwera m'manja osasamala imatha kupha munthu, ndipo mbiri ya njirayi ili ndi umboni wa mbali zonse ziwirizi.

Mizu yake ili mu filosofi. Søren Kierkegaard, amene anakhala ku Copenhagen m'dziko la Denmark kuyambira 1813 mpaka 1855, analemba buku lonena za nkhawa mu 1844, ndipo m'menemo anasiyanitsa mantha ndi nkhawa. Mantha ali ndi chinthu chimene munthu angachiloze ndi chala, kaya ndi njoka, moto kapena mdani, ndipo chinthucho chikachoka mantha amathanso. Nkhawa ilibe cholozeka. Imabwera munthu akazindikira kuti kutsogolo kwake kuli njira zambiri, kuti palibe amene angamusankhire, ndiponso kuti njira imene asankhe idzatseka zina zonse. Kierkegaard anaiyerekezera ndi chizungulire chimene munthu amamva akasuzumira m'phompho, ndipo ananena kuti munthu amene waphunzira kukhala ndi nkhawa moyenerera waphunzira chinthu chachikulu kuposa zonse. Iye anali Mkhristu wotentheka kwambiri, ndipo izi n'zofunika kuzitchula chifukwa anthu ena amaganiza kuti filosofi yonseyi ndi ya okana Mulungu. Zoona n'zakuti mumtsinje umenewu muli madzi a mbali ziwiri: Kierkegaard, Martin Buber ndi Paul Tillich anali anthu opembedza, pamene Friedrich Nietzsche ndi Jean-Paul Sartre ankakana zoti kuli Mulungu. Chimene chinkawagwirizanitsa ndi kuyang'ana munthu mmodzi payekha, amene ayenera kukhala moyo wake ndi kufa imfa yake popanda womulowera m'malo.

Kwa Edmund Husserl, wa ku Germany, amene anamwalira mu 1938, njirayi inatengako kafunsidwe ka mafunso. Iye ankaphunzitsa kuti pofuna kumvetsa chinthu, munthu ayambe waika pambali zonse zimene akuganiza kuti akudziwa kale, kenako afotokoze chinthucho monga mmene chikuonekera kwa amene akukumana nacho. Karl Jaspers, yemwe anali dokotala wa matenda a maganizo ku Heidelberg asanakhale katswiri wa filosofi, analowetsa mfundo imeneyi m'chipatala kudzera m'buku lake la mu 1913. Iye ankati kudziwa chimene chayambitsa matenda mu ubongo ndi ntchito ina, ndipo kumvetsa mmene wodwalayo akumvera ndi ntchito inanso, choncho dokotala amene wachita yoyamba asaganize kuti wamaliza yachiwiri.

Koma amene anakhudza kwambiri madokotala oyambirira a njirayi ndi Martin Heidegger, kudzera m'buku lake lalikulu la mu 1927. Heidegger ankatsutsa chithunzi chakuti munthu ndi maganizo otsekeredwa m'mutu, amene amasuzumira dziko ali kutali. Kwa iye munthu amakhala ali kale m'kati mwa dziko, atazunguliridwa ndi anthu ena, zida zake, chinenero chake ndi ntchito zake, ndipo sungamumvetse ukamuzula m'menemo. Ananenanso kuti tonse tinangopezeka tili pano, osafunsidwa za makolo, dziko kapena nthawi yobadwira, ndipo tikulowera ku imfa imene ingatipeze tsiku lililonse. Popeza zimenezi n'zolemera kuzisenza, timabisala m'chigulu, n'kumachita zimene aliyense amachita ndi kulankhula za imfa ngati chinthu chogwera anthu ena. Apa pali chinthu chimene sichiyenera kubisidwa: Heidegger analowa chipani cha Nazi mu 1933, chaka chomwe anakhala mkulu wa yunivesite ya Freiburg, ndipo munthu amene analemba mozama chotero za kuipa kotsatira chigulu anatsatira chigulu choipitsitsa cha m'nthawi yake. Alangizi ambiri a njirayi amagwiritsabe ntchito mfundo zake, koma nkhani imeneyi imawasautsa mpaka lero, ndipo n'koyenera kuti iziwasautsa.

Sartre, wa ku France, anakokera nkhaniyi ku ufulu. M'zolemba zake za m'zaka za m'ma 1940 anati munthu sabadwa ali ndi chikhalidwe chomalizidwa kale ngati mmene mpeni umapangidwira ntchito yake usanasulidwe, koma amadzipanga yekha mwa zimene amasankha, ndipo ngakhale kukana kusankha ndi kusankha komwe. Chimene alangizi anatengako kwa iye ndi nkhani ya kudzinamiza, kumene munthu amadziuza kuti alibe pothawira, kuti anabadwa choncho, kapena kuti udindo wake ndi umene ukumukakamiza, pamene pansi pa mtima akudziwa kuti pali zina zimene angachite, kungoti akuopa mtengo wake.

Dokotala woyamba kumanga chithandizo pa maziko amenewa anali Ludwig Binswanger, amene ankayendetsa chipatala cha Bellevue ku Kreuzlingen m'dziko la Switzerland. Iye anali mnzake wa Sigmund Freud mpaka pamene Freud anamwalira mu 1939, koma ankaona kuti chiphunzitso cha mnzakeyo chinkachepetsa munthu pomufotokoza ngati bwalo limene zilakolako zobisika zimamenyeranamo. Binswanger ankafuna kudziwa dziko limene wodwala aliyense akukhalamo: mmene amaonera thupi lake ndi chilengedwe, mmene amakhalira ndi anthu ena, ndi mmene amakhalira ndi iye mwini. Patapita zaka zambiri, Emmy van Deurzen, amene anayambitsa bungwe la Society for Existential Analysis ku London mu 1988, anawonjezerapo mbali yachinayi, ya zikhulupiriro ndi zinthu zimene munthu amaziona kuti ndi zamtengo wapatali. Dokotala wina wa ku Switzerland, Medard Boss, anafika poitana Heidegger weniweniyo kuti aziphunzitsa madokotala kunyumba kwake ku Zollikon, ndipo maphunziro amenewo anachitika kuyambira 1959 mpaka 1969.

Dzina limene anthu ambiri amalidziwa ndi la Viktor Frankl, dokotala wachiyuda wa ku Vienna, amene anabadwa mu 1905 n'kumwalira mu 1997. Mu 1942 iye ndi abale ake anatengedwa ndi a chipani cha Nazi kupita kundende ya Theresienstadt, mu 1944 anapititsidwa ku Auschwitz, kenako kundende zina zimene zinali pansi pa ulamuliro wa ndende ya Dachau, kumene anamasulidwa mu April 1945. Bambo ake, mayi ake, mchimwene wake ndi mkazi wake Tilly onse anafera m'ndende za chipani cha Nazi. Anthu ambiri amaganiza kuti njira yake, yotchedwa logotherapy, anaitulukira kundendeko, koma iye anali ataiyamba kale nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanabuke, ndipo zolemba zake za njirayi anamulanda atangofika ku Auschwitz. Kundende n'kumene anaiyesera pa moyo wake womwe. Frankl ankati chimene chimayendetsa munthu kwambiri ndi kufuna kupeza tanthauzo la moyo wake, ndipo ankakonda kubwereza mfundo ya Nietzsche yakuti munthu amene ali ndi chifukwa chokhalira moyo amatha kupirira pafupifupi chilichonse. Tanthauzolo, malinga ndi iye, limapezeka m'zimene munthu amapanga kapena kupereka, m'zimene amalandira monga chikondi ndi kukongola kwa chilengedwe, komanso m'kaimidwe ka mtima wake pamaso pa vuto limene silingasinthike. Ankachenjeza mwamphamvu kuti mbali yomalizayi ikunena za mavuto osapeweka okha, chifukwa kupirira vuto limene ungathe kulichotsa n'kudzizunza chabe.

Nkhani ina imene Frankl anailemba imasonyeza bwino kachitidwe kake. Dokotala wina wachikulire anabwera kwa iye atasweka mtima chifukwa cha imfa ya mkazi wake, amene anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Frankl sanamupatse malangizo, koma anangomufunsa kuti, "Adokotala, kodi zikanakhala bwanji mukanayamba kumwalira ndinu, mayi n'kutsala okha?" Mkuluyo anayankha kuti zikanawapweteka koopsa. Pamenepo Frankl anamuonetsa kuti mkazi wakeyo anapulumuka ku ululu umenewo, ndipo amene anausenza m'malo mwake ndi iyeyo, mwa kutsala ndi kulira. Imfa sinabwezedwe ndipo chisoni sichinachotsedwe, koma chisonicho chinasanduka chinthu chimene mkuluyo ankachisenzera munthu amene ankamukonda, ndipo anagwira Frankl chanza n'kutuluka.

Ku America njirayi inafika kudzera mwa Rollo May, amene anawerenga Kierkegaard mozama ali chigonere m'chipatala chifukwa cha chifuwa chachikulu, pa nthawi imene matendawa ankapha anthu ambiri. Mu 1958 iye pamodzi ndi Ernest Angel ndi Henri Ellenberger anatulutsa buku limene linabweretsa zolemba za madokotala a ku Ulaya aja m'Chingelezi. May anasiyanitsa nkhawa yachibadwa, imene imalingana ndi chimene chaibweretsa ndipo munthu angaigwiritse ntchito kuti akule, ndi nkhawa ya matenda, imene imakula munthu akakhala akuthawa yoyamba ija mpaka moyo wake wonse kupanikizika. Kenako Irvin Yalom, dokotala wa pa yunivesite ya Stanford, anasonkhanitsa zonsezi m'buku lake la mu 1980, n'kunena kuti pansi pa mavuto ambiri amene anthu amabwera nawo pali zinthu zinayi zosathawika: imfa, ufulu pamodzi ndi udindo umene umabwera nawo, kukhala wekha, ndiponso kusapezeka kwa tanthauzo limene linakonzedwa kale kuti munthu angolitola.

Pa zinayizi, Yalom anakhalitsa pa imfa. M'zaka za m'ma 1970 anayamba kukumana ndi magulu a odwala khansa imene inali itafalikira kale m'thupi, ndipo anaona chinthu chimene sankachiyembekezera: ambiri mwa iwo, atadziwa kuti masiku atsala ochepa, anasiya kutaya nthawi pa zinthu zopanda pake, anayamba kulankhula zoona kwa abale awo, ndipo ena ankadandaula kuti anachita kudikira khansa kuti aphunzire kukhala moyo. Iye anaonanso njira ziwiri zimene anthu athanzi amathawira ganizo la imfa. Ena amadziona ngati apadera, ngati kuti lamulo logwera anthu onse lidzawalambalala, ndiye amadzipha ndi ntchito ndi kufunafuna kutchuka. Ena amaika moyo wawo wonse m'manja mwa munthu wina, kaya ndi mwamuna, dokotala kapena mtsogoleri, pokhulupirira kuti ameneyo adzawapulumutsa. Njira zonse ziwirizi zimagwira ntchito kwa kanthawi, mpaka tsiku limene matenda, kuchotsedwa ntchito kapena imfa ya wodaliridwayo zimazigumula.

Nanga m'chipinda cha uphungu mumachitika zotani? Apa ena amakhumudwa, chifukwa njirayi ilibe ndondomeko yoti mlangizi azitsatira tsamba ndi tsamba. Tiyerekeze bambo wina amene wapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo kuchokera pamenepo sagona, amakwiya msanga, amangoti zonse n'zachabe. Mlangizi sayamba ndi kutchula dzina la matenda, koma amapempha kuti afotokozeredwe: "Bambo, tandiuzani za usiku wathawu. Mutadzidzimuka, munaganiza chiyani poyamba?" Bamboyo akhoza kunena kuti anaganiza za sukulu, kuti belu lilira popanda iye, ndipo palibe amene aone kusiyana. Mlangizi sathamangira kumutonthoza kuti ana akumukumbukirabe, chifukwa chitonthozo chofulumira chimatseka khomo limene langotseguka. Amafunsabe kuti kusaoneka kwa kusiyanako kukumuuza chiyani, ndipo mwina patapita masabata angapo bamboyo amatulutsa chimene chinali pansi: bambo ake omubala anamwalira patangopita chaka atapuma pa ntchito, ndipo iye wakhala akuwerengera masiku mwakachetechete. Tsiku lina akanena kuti, "Sindingathe kuuza mayi akunyumba zimenezi," mlangizi akhoza kumufunsa mofatsa kuti, "Simungathe, kapena simukufuna?" Funso limeneli limaluma, koma limabwezera m'manja mwa munthu chinthu chimene anachitaya, chifukwa amene sakufuna akhoza kusintha maganizo mawa, pamene amene sangathe alibe chochita.

Ubale wa anthu awiriwa ndiwo chida chachikulu. Buber, m'buku lake la mu 1923, anasiyanitsa kukumana ndi munthu ngati munthu mnzako ndi kumuona ngati chinthu choti uchipime ndi kuchigwiritsa ntchito, ndipo alangizi a njirayi amayesetsa kukhala ku mbali yoyambayo. Yalom amati mlangizi ndi wolangizidwa ndi anthu apaulendo umodzi, popeza imfa imene ikuopsa wodwalayo ikudikiranso dokotala wake. N'chifukwa chake mlangizi amayang'anitsitsa zimene zikuchitika pakati pa awiriwo pa nthawi yomweyo: ngati bambo uja amaseka nthawi zonse nkhani ikafika powawa, mlangizi amamuuza zimene waona, chifukwa n'kutheka kuti ndi mmene amachitiranso ndi mkazi wake ndi ana ake. R. D. Laing wa ku Glasgow anapita patali ndi mfundo imeneyi m'buku lake la mu 1960, ponena kuti ngakhale zolankhula za munthu wodwala misala zimakhala ndi tanthauzo kwa amene walolera kumvetsera.

Tsopano tifike pa chilonda cha njirayi. Mu 1921 kuchipatala cha Binswanger kunali mayi wa zaka 33, amene m'zolemba anapatsidwa dzina lobisa lakuti Ellen West. Iye ankaopa kunenepa, ankadzimana chakudya, ndipo anali atayesapo kudzipha kangapo. Binswanger ndi madokotala ena awiri amene anawafunsa nzeru, mmodzi mwa iwo Eugen Bleuler, anagwirizana kuti palibe chithandizo chimene chingamuchiritse, ndipo anamulola kubwerera kwawo akudziwa bwino chimene chikanatsatira. Patangopita masiku atatu mayiyo anamwa poizoni n'kumwalira. Patatha zaka zoposa 20, Binswanger analemba nkhaniyi pogwiritsa ntchito mawu a filosofi ya Heidegger, n'kufotokoza imfayo ngati kukwaniritsidwa kwa moyo wa mayiyo. Carl Rogers, katswiri wa za maganizo wa ku America, ndi Laing yemwe uja anadzudzula kwambiri nkhaniyi, ponena kuti madokotalawo anamupima ndi kumutchula mayina a matenda koma palibe amene anakumana naye ngati munthu. Ine ndimaona kuti anadzudzula zoona. Filosofi yokoma m'makutu ikhoza kusanduka chophimba cha kulephera kwa dokotala, ndipo munthu amene akuganiza zodzipha, kapena amene matenda ovutika maganizo amugwetsa mpaka kulephera kudzuka pabedi, amafunika kutetezedwa ndi kupatsidwa mankhwala oyenera asanayambe kufunsidwa za tanthauzo la moyo. Frankl ndi Yalom anali madokotala a matenda a maganizo, ndipo sankaphunzitsa kuti kukambirana kokha kumalowa m'malo mwa mankhwala pa matenda oterewa.

Chidzudzulo china chikukhudza ufulu. N'kosavuta kuuza munthu wa ndalama zake ku Zürich kapena ku California kuti moyo uli m'manja mwake, koma mawu omwewo akauzidwa mayi amene alibe chakudya cha ana, kapena amene akumenyedwa m'banja ndipo alibe kolowera, amasanduka mlandu woikidwa pa munthu wosalakwa. Oteteza njirayi amayankha kuti afilosofi awo sanaiwale malire, popeza Heidegger ananena za zimene tinangozipeza osasankha, ndipo Simone de Beauvoir analemba zambiri za mmene chikhalidwe chimapanikizira ufulu wa akazi. Yankho limeneli lili ndi mphamvu, komabe limadalira mlangizi amene amadziwa kusiyanitsa chimene munthu angasinthe ndi chimene chamumanga manja. Kwa ife amene tinakula tikumva kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, nkhani ya kukhala wekha imamvekanso yachilendo, chifukwa umunthu umatiphunzitsa kuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake. Koma chimene Yalom akunena si kusowa achibale. Akunena za mpata umene umatsalabe ngakhale m'chipinda mutadzaza anthu okukonda, pakuti amene wazunguliridwa ndi abale pabedi la imfa amadziwa kuti iwo amuperekeza mpaka pakhomo koma wolowa ndi iye yekha. Munthu amene wavomereza mpata umenewu amasiya kukakamiza mkazi wake kapena ana ake kuti audzaze, ndipo apa m'pamene mfundo ziwirizi zimakumana.

Pa funso lakuti njirayi imathandizadi kapena ayi, umboni wamphamvu uli ku nthambi ya Frankl. William Breitbart, wa pa chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York, anakonza chithandizo chachifupi chozikidwa pa tanthauzo la moyo, chimene odwala khansa yofika patali amakumana kasanu ndi katatu pagulu, kapena kasanu ndi kawiri munthu payekha, n'kumakambirana za zimene analandira kwa makolo awo, zimene akusiyira ena, ndi zimene angachitebe m'masiku otsalawo. Atayerekezera odwalawa ndi ena amene analandira chithandizo chongolimbikitsana, anapeza kuti kutaya mtima ndi kulakalaka kufa msanga zinachepa kwambiri mwa oyambawo. Mu 2015 Joel Vos, Meghan Craig ndi Mick Cooper anaunika pamodzi zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 15, ndipo anapeza kuti njira zozikidwa pa tanthauzo n'zimene zinasonyeza phindu looneka bwino, makamaka kwa anthu odwala matenda aakulu a m'thupi. Nthambi zina, monga ya van Deurzen ndi ya otsatira Boss, sizinayesedwe kwambiri mwa njira imeneyi, ndipo ena mwa alangizi ake amakana dala, ponena kuti kuika kukumana kwa anthu awiri pa sikelo n'kubwerera ku kuona munthu ngati chinthu. Apa ine ndili ku mbali ya Breitbart, chifukwa amene amalipira chithandizo, kaya ndi boma kapena wodwala mwini, ali ndi ufulu wofunsa ngati chimagwira ntchito, ndipo ntchito yake yasonyeza kuti funso limeneli likhoza kuyankhidwa popanda kusandutsa wodwalayo nambala.